Kodi maginito angachiritse matenda a kukhumudwa?

Amayi anzanga, m'zipatala zina za ku America, ku Ulaya, ku India ngakhale ku South Africa, munthu amene wakhala akudwala matenda a kukhumudwa kwa nthawi yaitali amakhazikidwa pa mpando, ndipo dokotala amamugunditsa kachipangizo ka maginito pamutu, kutsogolo chakumanzere. Kachipangizoko kamalira kuti tha tha tha kwa mphindi zingapo, kenaka wodwalayo amadzuka n'kubwerera kwawo kapena kuntchito. Samubaya jakisoni, samugonetsa, samung'amba paliponse. Madokotala amatchula chithandizochi mwachidule kuti TMS, kutanthauza kudzutsa ubongo ndi maginito kudzera pa chigaza.

Nkhani za chithandizochi zayamba kutifika pa mafoni komanso kudzera kwa abale athu okhala kunja. Ena akuzitenga ngati chozizwitsa, ena akuti ndi bodza la azungu, pamene ena apezerapo mwayi wogulitsa zibangili za maginito. Inu ndinu amene mumayendera odwala m'miphakati, ndipo mafunso otere amafikira inu poyamba. N'chifukwa chake ndi bwino mudziwe chimene chithandizochi chili, chimene chimatha kuchita, ndi pamene chimalekezera.

Matenda ake ndi otani?

Chisoni ndi gawo la moyo. Tikaferedwa timalira, mbewu zikapserera m'munda timadandaula, ndipo m'kupita kwa masiku mtima umayamba kukhala pansi. Matenda a kukhumudwa, amene kuchipatala timawatcha depression, ndi osiyana ndi chisoni chotere. Munthu amakhala wosweka mtima pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu 2 kapena kuposerapo. Zimene ankazikonda sizimukomeranso: kwaya, kumunda, kucheza pamjigo, ngakhale kuseweretsa mdzukulu. Tulo timasowa, makamaka m'bandakucha, kapena amangogona osafuna kudzuka. Chakudya sichilowa. Thupi limalemera ngati wasenza thumba la chimanga. Amadziona ngati wopanda pake, amadziimba mlandu pa zinthu zazing'ono, ndipo ena amafika poganiza kuti bola kufa.

Kwathu kuno odwala ambiri sanena kuti ndakhumudwa. Amati mutu sukusiya, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, kapena ndikuganiza kwambiri. Amapatsidwa panado kangapo, amayezedwa malungo osapezeka, mpaka achibale amayamba kunong'onezana za ufiti kapena kumunena kuti ndi ulesi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo amagwira amayi ambiri kuposa abambo. Mwa amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, oposa mmodzi pa 10 aliwonse amadwala matendawa. Ife azamba timawaona kusikelo ndi m'chikuta: mayi amene mwana wake ali bwinobwino, koma iye akungogwetsa misozi, sakufuna kuyamwitsa, ndipo akuchita manyazi kuuza aliyense poopa kunenedwa kuti sakuyamika mphatso ya Mulungu.

Kudwala chotere si kuchepa kwa chikhulupiriro. Kumbukirani mneneri Eliya m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19. Atatopa ndi kuthedwa nzeru anakagona pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha imfa. Mulungu sanamudzudzule. Anamutumizira mngelo ndi chakudya ndi madzi, anamulola kugona, kenaka analankhula naye. Thupi linasamalidwa, mzimu unasamalidwanso.

Ubongo umayendera magetsi

Kuti timvetse za maginito, tiyambe ndi ubongo. Muubongo wa munthu muli timaselo ta minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Timaselo timeneti timatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timphamvu tochepa kwambiri ta magetsi, pamodzi ndi timadzi tina timene timadumphitsa uthenga kuchoka pa selo lina kupita pa linzake. Kukweza dzanja, kukumbukira nyimbo ya pa Misa, kumva chimwemwe kapena mantha, zonsezi zimadutsa m'njira zimenezi.

Mapiritsi a matenda a kukhumudwa amagwira ntchito pa timadzi tija. Koma akatswiri atayamba kujambula ubongo wa odwala, anaona kuti mwa ambiri gawo lina la kutsogolo, pamwamba pa chipumi chakumanzere, limagwira ntchito mofooka. Gawo limeneli ndi limene limathandiza munthu kukonza mapulani, kusankha zochita ndi kuletsa maganizo oipa kuti asamangozungulira m'mutu. Ndi lolumikizana ndi zigawo zina zamkati zimene zimayendetsa chisoni ndi nkhawa. Funso linali lakuti: kodi pangakhale njira yodzutsira gawo lofookalo mwachindunji, popanda kutsegula chigaza?

Phunziro la dayinamo ya njinga

Ambiri a inu mukukumbukira njinga zokhala ndi dayinamo. Tayala likamazungulira, nyali imayaka, chonsecho palibe batire. M'kati mwa dayinamo muli maginito ndi waya wokulungidwa. Maginito akamazungulira pafupi ndi wayayo, muwayamo mumabadwa magetsi. Njinga ikaima, maginito ali pomwepo ndithu, koma nyali imazima. Chinsinsi chake n'chakuti mphamvu ya maginito iyenera kumasinthasintha kuti ibale magetsi. Mfundo imeneyi anaitulukira ndi Michael Faraday ku London m'chaka cha 1831.

M'chaka cha 1985, Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, m'dziko la England, anapanga makina ogwiritsa ntchito mfundo yomweyi pa ubongo wa munthu. Anakulunga waya wa kopa, namadutsitsamo magetsi amphamvu kwa kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana kuphethira kwa diso. Zimenezi zimabala mphamvu ya maginito yobwera ndi kuchoka mwadzidzidzi. Mphamvuyo imadutsa khungu ndi fupa la mutu mosavuta, ndipo ikafika pa ubongo imayambitsa kamphamvu kochepa ka magetsi kamene kamadzutsa timaselo ta pamalopo. Atagunditsa chipangizocho pa gawo la ubongo limene limayendetsa dzanja, dzanja la munthuyo linagwedezeka lokha.

Poyamba makinawa ankangowagwiritsa ntchito poyeza minyewa. M'chaka cha 1995, Mark George ndi anzake ku America anafalitsa zotsatira za kuyesa kwawo pa odwala matenda a kukhumudwa ochepa amene mankhwala anali atawakanika. Iwo ankagunda gawo la kutsogolo lija mobwerezabwereza, tsiku ndi tsiku. Patatha zaka zambiri za kafukufuku, mu 2008 bungwe la FDA, limene limavomereza mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linalola makina oyamba otchedwa NeuroStar kugwiritsidwa ntchito pa akuluakulu amene mapiritsi sanawathandize. Mu 2015 bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a chithandizo ku England, nalonso linanena kuti njirayi ingagwiritsidwe ntchito.

Zimene zimachitika m'chipinda cha chithandizo

Tsiku loyamba dokotala amafuna kudziwa mphamvu yoyenera munthuyo, pakuti mitu yathu ndi yosiyana. Amaika chipangizocho, chimene kawirikawiri chimaoneka ngati nambala 8, pa gawo loyendetsa dzanja, n'kumawonjezera mphamvu pang'onopang'ono mpaka chala chachikulu chitayamba kugwedezeka. Mlingo umenewo ndiwo amawerengerapo. Kenaka amasunthira chipangizocho kutsogolo, pa malo amene akufuna kuchiza, n'kuikapo chizindikiro kuti tsiku lililonse azigunda pomwepo.

Wodwala amakhala maso, atatseka makutu chifukwa makinawo amachita phokoso. Amamva ngati wina akumugogoda pamutu ndi chala mofulumira, n'kupuma, n'kuyambiranso. Mphamvuyo imalowa masentimita 2 kapena 3 okha. Njira yoyamba imene inavomerezedwa inkatenga mphindi pafupifupi 37, ndi kugunda kokwana 3,000 pa ulendo umodzi. Mu 2018 anavomereza njira ina yachidule imene imatha m'mphindi 3 zokha. Koma ulendo umodzi sukwanira. Munthu amayenera kubwera masiku 5 pa mlungu, kwa milungu 4 mpaka 6. Mu 2022 ku America anavomerezanso njira ya akatswiri a ku yunivesite ya Stanford, imene imapanikiza chithandizo chonse m'masiku 5, maulendo 10 pa tsiku.

Chifukwa chobwerezera n'chakuti njira za muubongo zimalimba zikamagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, monga kanjira ka kudambo kamene kamaoneka bwino anthu akamadutsamo tsiku ndi tsiku, koma kamamera udzu akakasiya. Akatswiri amakhulupirira kuti kugunda kobwerezabwereza kumatsegulanso njira zimene zinayamba kufooka, ndipo kusinthako kumafika mpaka ku zigawo zamkati zolumikizana ndi gawolo. Odwala ambiri amene amathandizika amayamba kuona kusintha pakatha milungu ingapo: tulo tiyamba kubwera, chakudya chiyamba kukoma, achibale ayamba kumva mawu ake m'nyumba.

Kodi chimathandizadi?

Pofuna kudziwa ngati chithandizo chikugwiradi ntchito, ofufuza amagawa odwala m'magulu awiri. Gulu lina limalandira chithandizo chenicheni, lina limaikidwa chipangizo chongofanizira, cholira mofanana koma chosafikitsa mphamvu ku ubongo, ndipo odwalawo sadziwa gulu limene ali. Amatero chifukwa kungolandiridwa bwino tsiku lililonse ndi kukhala ndi chiyembekezo kumapepukitsa anthu ena pakokha.

Pa kafukufuku wamkulu wotere amene anafalitsidwa ku America mu 2010, odwala 14 pa 100 aliwonse amene analandira maginito enieni anachira, pamene mwa amene anaikidwa chongofanizira anachira 5 pa 100 aliwonse. Choncho maginito anaposa ndithu, koma ambiri sanachire pa nthawi ya kafukufukuyo. M'zipatala zimene zimapereka chithandizochi tsiku ndi tsiku, kumene odwala amapitiriza kumwa mapiritsi awo ndipo chithandizo chimatalikirapo, zotsatira zimakhala zokwererapo: pafupifupi theka amapezako bwino, ndipo pafupifupi mmodzi pa atatu aliwonse zizindikiro zimatheratu.

Manambalawa tiwaone moyenera. Awa ndi anthu amene anayesa kale mankhwala osathandizika, ena kwa zaka. Kwa mayi amene wakhala m'mdima nthawi yonseyo, mwayi wa mmodzi pa atatu ndi waukulu. Komabe si onse amene amachira, ndipo mwa ochirawo ena matenda amabwereranso pakatha miyezi, n'kufunika kulandiranso chithandizo. M'maiko amene muli makinawa, madokotala sayambira pa maginito. Amayamba ndi uphungu ndi mapiritsi, ndipo maginito amabwera pamene zimenezi zalephera kapena pamene mapiritsi akumuvuta kwambiri wodwala.

Zovuta zake, ndi amene sayenera kulandira

Zovuta zofala ndi kupweteka kwa mutu, kuwawa kwa khungu pamalo ogundidwawo, ndi kunjenjemera kwa minofu ya kumaso pa nthawi ya chithandizo. Kawirikawiri zimachepa mlungu woyamba ukatha. Choopsa chachikulu ndi kukomoka kofanana ndi khunyu, koma kumachitika mwa apo ndi apo, kwa odwala osakwana mmodzi pa 1,000 aliwonse. Pa chifukwa chimenechi, wodwala khunyu, amene anavulalapo kwambiri m'mutu, kapena womwa mowa mwauchidakwa amafunika kuunikidwa mosamala kwambiri. Munthu amene ali ndi chitsulo m'mutu, monga zipangizo zothandiza kumva zoikidwa mkati mwa khutu pa opaleshoni, kapena timapini totsekera mitsempha ya muubongo, salandira chithandizochi. Zomata m'mano sizikhala vuto.

Monga mzamba, mbali imene imandikopa ndi ya amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Popeza palibe mankhwala olowa m'magazi, palibenso cholowa mu mkaka wa m'mawere. Kafukufuku amene wachitika pa amayi otere ndi wolimbikitsa, ngakhale kuti wachitika pa amayi ochepa. Izi zisapangitse mayi aliyense kuopa mapiritsi. Alipo mankhwala a matendawa amene amaperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa dokotala ataunika, ndipo kusiya mayi akudwala osathandizidwa kumavulaza iye ndi mwana yemwe.

Musasokoneze TMS ndi chithandizo chakale cha magetsi chotchedwa ECT, chimene anayambitsa ndi Ugo Cerletti ndi Lucio Bini ku Rome mu 1938. Pa ECT wodwala amagonetsedwa ndi mankhwala, ndipo madokotala amadutsitsa magetsi m'mutu mwadala kuti ubongo uchite ngati wagwa khunyu kwa kanthawi kochepa. Anthu ambiri amachiopa, ndipo chimatha kuiwalitsa zinthu zina kwa kanthawi, koma kwa wodwala kwambiri, amene waleka kudya ndi kumwa kapena amene moyo wake uli pachiswe, ECT ndi yamphamvu kuposa maginito ndipo yapulumutsa anthu ambiri.

Chenjerani ndi ogulitsa maginito

M'matauni mwathu muli anthu oyenda ndi zibangili, mikanda, malamba ndi mapilo a maginito, amene amati zimachiza BP, shuga, nyamakazi ndi maganizo. Ena ali ndi kabokosi kolumikiza ku kompyuta, amakugwiritsani kachitsulo m'manja, n'kukuwerengerani matenda khumi nthawi imodzi, kenaka n'kukugulitsani mankhwala okwera mtengo. Akamva za TMS adzanena kuti ngakhale madokotala a kunja avomereza maginito. Kumbukirani dayinamo ija. Maginito ongokhala phee pa dzanja kapena pansi pa pilo sabala magetsi alionse muubongo. Makina a TMS amatulutsa mphamvu yofanana ndi ya makina akuluakulu ojambulira m'thupi otchedwa MRI, imene imabwera ndi kuchoka mofulumira kwambiri, pa malo oyezedwa bwino, pamaso pa dokotala. Chibangili cha pamsika chilibe chilichonse mwa zimenezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama imene ikanagula chibangili ndi bwino ikhale thiransipoti yopitira kuchipatala.

Nanga ife kuno titani?

Chithandizo cha maginito sichili m'gulu la zithandizo zimene zimaperekedwa m'zipatala zathu za m'maboma kapena za mishoni. Makina ake ndi okwera mtengo, amafuna magetsi odalirika ndi anthu ophunzitsidwa, ndipo ku America chithandizo chonse cha munthu mmodzi chimadya madola masauzande angapo. Ngakhale makinawo atabwera mawa, mayi wa kumudzi angavutike kuyenda ulendo wa kuchipatala masiku 5 pa mlungu kwa mwezi wathunthu.

Komabe nkhaniyi ili ndi phindu kwa ife lero lomwe. Ngati kugunda kagawo kena ka ubongo kungapepukitse munthu amene wakhala akulira kwa zaka, ndiye kuti matendawa ali m'thupi ndithu, monga shuga ndi BP. Munthu wa shuga sitimuuza kuti angolimba mtima. Timamupempherera, ndipo timamuperekeza kukalandira mankhwala. Wodwala matenda a kukhumudwa ayenera zomwezo.

Ndipo vuto lathu lalikulu lili poyambira penipeni. WHO imati m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, anthu oposa 75 pa 100 aliwonse odwala matenda a maganizo salandira chithandizo chilichonse. Maginito anapangidwira anthu amene uphungu ndi mapiritsi zawakanika, pamene odwala athu ambiri sanayambe n'komwe ngakhale chimodzi mwa ziwirizi. Chonsecho mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira m'dziko muno. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo. Odwala kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God, amene ndi a Mpingo wathu, amathandiza odwala otere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Uphungu nawo ndi mankhwala. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika maganizo, n'kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzi ndi limodzi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kuposa amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse. Agogo amenewa ndi amayi ngati inu. Mu Mpingo wathu zotere si zachilendo: m'tauni ya Geel ku Belgium, kumene amalemekeza Dymphna Woyera, nkhoswe ya odwala matenda a maganizo, mabanja akhala akulandira odwalawa m'nyumba zawo kwa zaka mazana ambiri.

Choncho mukamayendera odwala mu mphakati wanu, yang'anani mayi amene wasiya kubwera ku misonkhano, wamasiye amene chisoni chake sichikutsika miyezi ikupita, ndi mtsikana amene ali m'chikuta koma sakusekerera mwana wake. Khalani naye pansi pawiri, mufunseni za tulo, za chakudya ndi za zimene zikuyenda m'mutu mwake, ndipo mvetserani osafulumira kulangiza. Zimene wakuuzani zisakafike pamjigo. Ngati zizindikiro zapitirira milungu 2, muperekezeni kuchipatala ndipo mukamuthandize kufotokoza zonse, pakuti kuchepa kwa magazi, matenda a chithokomiro ndi matenda ena amathanso kufooketsa munthu mofananamo, ndipo ayenera kuyezedwa.

Akapatsidwa mapiritsi, mukumbutseni kuti sagwira ntchito tsiku lomwelo ngati panado. Pamatenga milungu 2 mpaka 4, nthawi zina kuposerapo, ndipo akachira amayenera kupitiriza kwa miyezi 6 kapena kuposa, osasiya yekha. Mankhwala oyamba akakanika, abwerere kwa dokotala kuti amusinthire, pakuti ambiri amathandizika pa kuyesa kwachiwiri.

Musaope kufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funso limeneli silimuika munthu maganizowo, koma limamutsegulira khomo loti alankhule. Akavomera, asakhale yekha, muchotse tameki, mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapiritsi ambiri m'nyumbamo, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mayi wongobereka kumene amene wayamba kulankhula zosamveka, kusagona masiku angapo, kumva mawu amene ena sakuwamva, kapena kuopa kuti avulaza mwana: ameneyo ndi wofunika chithandizo chamsangamsanga ngati mayi amene akutaya magazi.

Pa msonkhano wanu wotsatira, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino wa pa chipatala chapafupi kuti kiliniki ya matenda a maganizo imachitika tsiku liti, ndipo amene amaiyendetsa ndani. Lembani tsikulo m'buku la bungwe, muwadziwitsenso bambo mfumu ndi atsogoleri a miphakati, kuti wodwala akapezeka pasakhale kufunsana kolowera.